Kodi Moto wa ku London Adayatsa Ndani?

Nyumba ikapsa usiku, kukacha anthu amafunsa funso limodzi: adagwira chikuni ndani? Safunsa za udzu umene udauma pa denga, safunsanso za munthu amene adaunjika nkhuni m'mbali mwa khoma. Kawirikawiri funso limeneli limakwanira. Koma ulipo moto wina umene sitingaumvetse pongodziwa dzina la wogwira chikuni, ndipo moto wotere ndi umene udayaka mu mzinda wa London m'masiku oyamba a mwezi wa Juni, chaka cha 1780. Pafupifupi sabata yathunthu makamu a anthu odzitcha oteteza Chipulotesitanti adatentha matchalitchi ndi nyumba za Akatolika, adaphwanya ndende, mpaka adafika poukira Bank of England. Mbiri imatcha masiku amenewa Chipolowe cha Gordon, potengera dzina la munthu amene bwalo la milandu lidampeza wosalakwa. Amene adanyongedwa adali ena, anthu osauka amene maina awo adaiwalika kalekale. Tsono funso lathu nali: kodi munthu amene walankhula mawu odzetsa mantha ndi chidani, koma iye mwini osakhudza mwala kapena chikuni, ali ndi mlandu wanji pa zimene omvera ake achita?

Kuti nkhani imveke bwino, tiyambe taona m'mene Akatolika a ku England ankakhalira. Adali ochepa zedi, pafupifupi munthu mmodzi mwa anthu 100 alionse. Lamulo limene lidakhazikitsidwa m'nthawi ya mfumu William III lidanena kuti wansembe wopezeka akuchita Misa, kapena Mkatolika wotsegula sukulu, aponyedwe m'ndende moyo wake wonse, ndipo woneneza wansembe alandire mapaundi 100. Mkatolika sankaloledwa kugula malo, ndipo cholowa cha bambo wake chikadatha kulandidwa ndi mbale wake wa Chipulotesitanti. Kunena zoona, pofika nthawi ya mfumu George III malamulowa sankatsatidwa kawirikawiri, koma adali ngati njoka yogona pansi pa mphasa. Mmisiri wina wa matabwa, William Payne, adasandutsa kuneneza ansembe kukhala malonda ake, ndipo m'chaka cha 1767 wansembe John Baptist Maloney adagamulidwadi kukhala m'ndende moyo wake wonse, ngakhale pambuyo pake adangopirikitsidwa m'dzikomo. Amene adadula mapazi a Payne ndi woweruza wamkulu, Lord Mansfield, Mpulotesitanti wobadwira ku Scotland, amene adalamula kuti woneneza abweretse umboni weniweni wakuti munthuyo adadzozedwa unsembe. Umboni wotere udali wosowa, choncho malonda a Payne adagwa. Dzina la Mansfield tilisunge, pakuti tikumana nalonso.

M'chaka cha 1778 Nyumba ya Malamulo idavomera lamulo limene adabweretsa Sir George Savile, lochotsa zilango zimenezi kwa Mkatolika aliyense wolumbira kuti adzakhala wokhulupirika kwa mfumu, ndi kuti savomera zoti Papa ali ndi mphamvu pa boma la England. Lamuloli lidali laling'ono. Silidalole Akatolika kumanga matchalitchi oonekera, silidawatsegulirenso khomo la Nyumba ya Malamulo. Ndiponso boma silidachite zimenezi chifukwa cha chifundo chokha ayi. Lidali pa nkhondo ndi anthu a ku America ofuna kudzilamulira, France idali italowerera nkhondoyo, ndipo asilikali ankasowa. Anyamata a Chikatolika a ku Ireland ndi a kumapiri a Scotland boma linkawasirira.

Boma litafuna kupereka lamulo longa lomweli ku Scotland, anthu a ku Edinburgh ndi Glasgow adachita chipolowe kumayambiriro a 1779. Ku Edinburgh adatentha nyumba imene Episkopi George Hay adaikonza kuti akhalemo ndi kupemphereramo, ndipo adaopseza ngakhale William Robertson, mbusa wa Chipresibiteriya ndi mkulu wa yunivesite, chifukwa adali kumbali ya lamulolo. Boma lidachita mantha n'kubweza maganizo ake. Apa dziko lonse lidaphunzira phunziro loipa, lakuti chimene mawu alephera moto umachitha.

Kumapeto a chaka chomwecho Lord George Gordon, phungu wachinyamata wa ku banja lachifumu la ku Scotland, wosakhazikika maganizo koma wodziwa kukoka anthu, adasankhidwa mtsogoleri wa bungwe la Protestant Association mu London. Bungweli lidalemba chikalata chopempha kuti lamulo la 1778 lichotsedwe, ndipo anthu oposa 40,000 adasainapo. Kupereka chikalata si tchimo, ndi ufulu wa mzika iliyonse. Komatu Gordon adanenetsa kuti sadzachipereka pokhapokha anthu 20,000 atamperekeza. Lachisanu pa 2 Juni anthu adasonkhana pa bwalo la St George's Fields, kumwera kwa mtsinje wa Thames, ndipo chiwerengero chawo chimaikidwa pakati pa 40,000 ndi 60,000. Adavala tinsalu ta buluu pa zipewa. Ambiri adali anthu aulemu wawo, amisiri ndi amalonda, amene adabwera atatchena akuimba nyimbo za m'tchalitchi.

Atafika ku Nyumba ya Malamulo zinthu zidatembenuka. Nduna ndi maepiskopi a Chianglikani adaguzidwa m'ngolo zawo, ena kung'ambiridwa zovala. M'kati mwa zokambirana Gordon ankatuluka pafupipafupi, n'kuima pamwamba pa makwerero, kuuza khamu limene lidadzaza pa khonde maina a aphungu otsutsa chikalata chawo. Sadanene kuti "amenyeni." Adangotchula maina basi. Aphungu 192 adavota kuti nkhaniyo idikire tsiku lina, 6 okha ndiwo adati ikambidwe pomwepo. Usiku womwewo khamu lidatentha tchalitchi cha kazembe wa Sardinia pafupi ndi Lincoln's Inn Fields, lidasakazanso cha kazembe wa Bavaria mu Warwick Street. Matchalitchi a akazembe ndiwo adali malo okhawo mu London amene Misa inkachitika poyera popanda mlandu.

Lamulungu adatembenukira ku Moorfields, dera la anthu osauka ochokera ku Ireland, kumene adatulutsa guwa, mabenchi ndi katundu wa m'nyumba za anthu n'kuzitentha pa msewu. Meya wa mzinda, Brackley Kennett, adaima poteropo akuonerera. Asilikali adalipo, koma ankakhulupirira kuti sangawombe mfuti majisitireti asanawerenge chilengezo cholamula khamu kubalalika, pamene amajisitireti nawo ankaopa kuti nyumba zawo zipsa. Lachiwiri khamu lidatentha ndende yatsopano ya Newgate ndi kumasula akaidi pafupifupi 300. Usiku umenewo lidafika ku Bloomsbury Square, ku nyumba ya Lord Mansfield uja, nkhalamba ya zaka 75, amene adathawira ku khomo la kuseri pamodzi ndi mkazi wake. Mabuku ake onse ndi zolemba za moyo wake wonse zidasanduka phulusa.

Lachitatu pa 7 Juni ndilo lidali tsiku loopsa kopambana. Ndende za King's Bench ndi Fleet zidapsa. Ku Holborn adatentha fakitale ya Thomas Langdale, Mkatolika wotcheza jini, mowa waukali ngati kachasu. Mowawo udayenderera m'ngalande za mu msewu, anthu n'kumatunga ndi zipewa ndi manja, ena kufera pomwepo ndi kuledzera, ena kupsa ali chigonere. Pofika apa za Papa zidali zitaiwalika. Magulu a anyamata onyamula zitsulo ankayenda khomo ndi khomo kufuna ndalama, ndipo anthu amantha ankalemba ndi choko pa zitseko zawo mawu okana Upapa kuti awalambalale. Ignatius Sancho, Mwafrika wobadwira m'chombo cha akapolo amene adali ndi golosale ku Westminster, adalemba makalata ofotokoza misala imene ankaiona pa khomo pake, ndipo makalatawo akadawerengedwabe. Tsiku lomwelo mfumu idalamula asilikali kuwombera popanda kudikira majisitireti. Anthu pafupifupi 285 adafa ndi zipolopolo, oposa 400 adagwidwa, ndipo 25 adanyongedwa, ambiri a iwo pafupi ndi malo amene adalakwirapo.

Taonani tsono amene adalipira. Ochuluka mwa akufa sadali Akatolika amene ankasakidwa aja, adali a m'khamu lomwelo. Onyongedwa adali antchito a m'nyumba, ophunzira umisiri, aganyu, akazi osauka, ena akadali ana. Sitikuti adalibe mlandu. Munthu amene waponya mphasa ya mnzake pa moto wachimwa, ngakhale ali pakati pa anthu chikwi, pakuti khamu lilibe mzimu wakewake umene udzaimirire pamaso pa Mulungu m'malo mwa munthu aliyense. Koma n'chapafupi kukhulupirira kuti ambiri a iwo lamulo la Savile sadaliwerengepo n'komwe. Adamva kuti Apapa akubwera kudzalanda ufulu wa Angerezi, ndipo mawuwo adawamva kwa anthu ophunzira kuposa iwo.

Gordon adagwidwa pa 9 Juni n'kutsekeredwa mu Tower of London. Mlandu wake woukira mfumu udazengedwa pa 5 Febuluwale 1781, ndipo wokhala pa mpando woweruza adali Lord Mansfield mwini wake, amene nyumba yake idali bwinja. Loya wachinyamata, Thomas Erskine, adaonetsa kuti Gordon sadalamule munthu aliyense kutentha kanthu, kuti adapempha khamu kusunga bata, ndi kuti pamene moto udakula adayesa kuuzimitsa. Anthu 12 ogamula mlandu adati alibe mlandu. Wina anganene kuti khoswe akakhala pa mkhate sapheka, ndipo n'zoona kuti mwana wa mfumu adapeza maloya amene wantchito wa m'nyumba sakadawalota. Komabe ife tiganiza kuti bwalo lidagamula molungama. Boma likayamba kunyonga anthu chifukwa cha zimene ena achita atamva mawu awo, palibe mlaliki kapena phungu amene angatsale, ndipo Akatolika a nthawiyo ankadziwa bwino kuposa wina aliyense kuwawa kwa lamulo lolanga munthu chifukwa cha zimene akumganizira. Samuel Johnson, amene sadali bwenzi la chipolowecho m'pang'ono pomwe, adakondwa ndi chigamulocho pa chifukwa chomwechi.

Koma bwalo la mfumu si bwalo lokhalo limene lilipo. Makatekisimu akale ankaphunzitsa kuti pali njira zingapo zimene munthu angalowere m'tchimo la mnzake: polangiza, poutsa mtima, poyamikira, pokhala chete pamene adayenera kulankhula, ndi zina zotero. Kennett adalowamo ndi kukhala chete. Nanga Gordon? Muyeso wake suli pa zimene adafuna zokha, ulinso pa zimene adatha kuoneratu. Munthu woyatsa fodya pa dambo lonyowa ndi munthu woyatsa fodya pakati pa tchire louma mwezi wa Okutobala achita chinthu chimodzi, koma mlandu wawo ndi wosiyana, chifukwa wachiwiriyo akudziwa pamene waima. Gordon ankadziwa. Utsi wa ku Edinburgh udali usanathe chaka ndi theka, ndipo mboni zina pa mlandu wake zidanena kuti iye adakumbutsa khamu kuti anthu a ku Scotland sadamvedwe kufikira atagwetsa nyumba za Misa. Adaitana anthu 20,000 osati kuti aphungu amve mfundo zake bwino, koma kuti achite mantha. Munthu woitana mantha kuti amgwirire ntchito sangadabwe mantha akagwira ntchito mopitirira. Akulu adati ukayenda siya phazi, ukasiya mlomo udzakutsata.

Za Gordon n'zosavuta kuweruza, popeza adali munthu wopupuluma. Chimene chimatisautsa mtima ndi nkhani ya John Wesley, woyambitsa mpingo wa Methodist, munthu wopemphera amene adathera moyo wake pa kavalo kulalikira amphawi amene ena adawataya. M'chaka cha 1749, ali ku Dublin, adalembera Akatolika kalata yaubale yopempha kuti Akhristu a mbali ziwirizi aleke kupwetekana ndi mawu. Koma mu Januwale 1780 munthu yemweyu adalemba mu nyuzipepala kuikira kumbuyo Protestant Association. Mfundo yake idali yakuti Mkatolika sangadaliridwe ngakhale atalumbira, chifukwa, m'kuganiza kwa Wesley, Eklezia amaphunzitsa kuti lonjezo lopangidwa kwa munthu wampatuko silimanga. Wansembe wa ku Ireland, Arthur O'Leary, adamuyankha mwamphamvu kuti Akatolika saphunzitsidwa zotere. Wesley sadafune kuti nyumba ya munthu ipse, ndipo adanena kuti safuna kuzunza wina aliyense. Komatu iye mwini adakokedwapo tsitsi ndi khamu lolusa ku Wednesbury m'chaka cha 1743, choncho nkhope ya khamu ankaidziwa. Ukauza anthu kuti mnansi wawo ndi munthu amene ngakhale lumbiro lake ndi bodza, wamchotsera chida chomaliza chodzitetezera, pakuti chilichonse chimene anganene chasanduka umboni womutsutsa. Ndipo mawu a munthu woyera mtima amalemera kuposa a chidakwa. Ubwino wa Wesley ndiwo udanola mawu akewo.

Pano tiyenera kufatsa, chifukwa mantha a Apulotesitanti sadagwe kuchokera kumwamba ngati matalala. Pakati pa 1555 ndi 1558, mu ulamuliro wa mfumukazi Mary ya Chikatolika, Apulotesitanti oposa 280 adatenthedwa amoyo mu England, ena mwa iwo pa bwalo la Smithfield mu London momwemo. M'chaka cha 1570 Papa Pius V adalengeza kuti Angerezi sakumangidwanso ndi lumbiro lawo kwa mfumukazi Elizabeth, ndipo apa m'pamene pali muzu wa nkhawa ya Wesley. M'chaka cha 1572 Apulotesitanti zikwizikwi adaphedwa ku Paris ndi m'mizinda ina ya France. M'chaka cha 1605 Guy Fawkes ndi anzake adabisa migolo ya onga pansi pa Nyumba ya Malamulo. M'chaka cha 1685 mfumu Louis XIV idaletsa Chipulotesitanti mu France, ndipo zidzukulu za othawa nkhanzazo zinkaomba nsalu za silika ku Spitalfields, mtunda pang'ono kuchokera ku Moorfields. Zonsezi zidachitikadi. Funso lakuti kodi mpingo umene sulola ena kumene uli ndi mphamvu uyenera kuloledwa kumene ulibe mphamvu silidali funso lopusa, ndipo Eklezia adaliyankha momveka m'chaka cha 1965, pamene Msonkhano Wachiwiri wa Vatican udaphunzitsa kuti munthu aliyense ali ndi ufulu wosakakamizidwa pa za chipembedzo.

Tsoka lake n'lakuti choona chikasungidwa ndi mkwiyo chimaitana bodza kuti likhale nacho nyumba imodzi. Moto waukulu umene udapsereza London m'chaka cha 1666 udayambira m'nyumba ya wophika buledi mu Pudding Lane, koma m'chaka cha 1681 akuluakulu a mzinda adalemba pa chipilala chokumbukira motowo kuti adauyatsa ndi Akatolika. Mawuwo adafufutidwa m'nthawi ya mfumu James II, adalembedwanso mu ulamuliro wa William III, ndipo adakhala pamenepo mpaka 1830. M'chaka cha 1678 Titus Oates adapeka nkhani ya chiwembu chofuna kupha mfumu, ndipo anthu osalakwa adaphedwa, womaliza wake Oliver Plunkett Woyera, Arkiepiskopi wa ku Armagh, m'chaka cha 1681. Chaka ndi chaka pa 5 Novembala ana ankakoleza moto m'misewu ndi kutentha zidole za Guy Fawkes ndi za Papa. M'nyumba zambiri mudali buku la John Foxe lonena za amartiri a Chipulotesitanti, lokhala ndi zithunzi za anthu omangidwa pa mtengo pakati pa malawi. Mnyamata wa mu London wa 1780 adaphunzira kuopa Mkatolika asanakumane ndi Mkatolika. Nkhuni zija zidaunjikidwa zaka 200, ndipo oziunjika adali makolo okonda ana awo, aphunzitsi ndi alaliki, anthu amene akadanyansidwa kuona zimene zidachitika ku Holborn.

Timati mlandu suwola, ndipo pa mbali ina n'zoona: choipa chimene chidachitika sichisanduka chabwino chifukwa zaka zapita, ndipo mtundu uli ndi ufulu wolira akufa ake. Koma funso ndi lakuti mlanduwo ukhala pa mutu pa yani. Mfumukazi Mary idali itagona m'manda zaka 222 pamene wonyamula malasha wa ku Ireland adaona bedi lake likupsa pa msewu wa Moorfields. Iyeyo adatentha yani ku Smithfield? Mneneri Ezekiele adatsutsa kalekale maganizo akuti mwana asenze tchimo la bambo wake. Kukumbukira kumasanduka tchimo pa mphindi imene tichotsa mlandu pa munthu amene adauchita n'kuuika pa dzina limene anthu amoyo akadali nalo.

Apa nkhani yafika pa khomo pathu. N'kwapafupi kwa ife Akatolika kuwerenga za 1780 n'kupukusa mutu, kunena kuti ndi m'mene alili anthu amenewa. Tikatero ndiye kuti tatola chikuni chomwe chija, tangochigwira kumbali inayo. Savile, amene nyumba yake idasakazidwa chifukwa cha ife, adali Mpulotesitanti. Mansfield adali Mpulotesitanti, ndipo adakana ngakhale chipukuta misozi chimene boma lidafuna kumpatsa. Edmund Burke, amene adayenda pakati pa khamu akudzitchula dzina osabisala, ndipo chaka chomwecho adataya mpando wake wa Bristol mwa zina chifukwa choikira kumbuyo Akatolika, adali Mwanglikani. Iye yemweyo adachonderera boma kuti lisanyonge anthu ambiri. Ngakhale Episkopi wa Akatolika a mu London, Richard Challoner, adabadwa kwa bambo wa Chipresibiteriya. Dzina lakuti Apulotesitanti silitiuza amene adatentha ndi amene adatenthedwera.

Nafenso tili nalo buku lathu la amartiri: Thomas More ndi John Fisher mu 1535, Edmund Campion mu 1581, Margaret Clitherow, mayi wa pa banja amene adapsinjidwa ndi miyala ku York mu 1586 chifukwa chobisa ansembe. Papa Paul VI adalengeza amartiri 40 a ku England ndi Wales kukhala oyera m'chaka cha 1970. Tiyenera kuwasimba kwa ana athu, pakuti banja losakumbukira amartiri ake limaiwala msanga mtengo wa Misa. Koma nkhani ya martiri ingasimbidwe m'njira ziwiri. Mwana angaimve n'kufunsa kuti, kodi mayi ameneyu ankakonda chiyani chotere mpaka kuchifera? Angaimvenso n'kufunsa kuti, kodi amene adamupha aja ndi a mpingo wa anzanga a kuseri kwa mpandawa? Funso limene mwana afunse limadalira kwambiri pa mawu amene ife tagogomeza, ndi pa nthabwala zimene timaseka pa chakudya tikamatchula mipingo ina, nthawi zina mpingo wa agogo ake omwe. Mu tchalitchi cha yunivesite ku Oxford adaika mwala m'chaka cha 2008 wolembedwa maina a amartiri a mbali zonse ziwiri pamodzi. Alipo amene angaone ngati kuteroko ndi kusakaniza choona ndi cholakwa. Ife sitiona choncho. Mwalawo sunena kuti onse adaphunzitsa zoona, ungokana kuti magazi a ena akhale chifukwa chodera ana a enawo.

Akatolika a mu London a nthawiyo adatisiyira chitsanzo chimene sichitchulidwa kawirikawiri. Burke, polankhula ku Bristol mu Seputembala 1780, adachitira umboni kuti ngakhale ambiri a iwo adali amuna amphamvu ozolowera ntchito ya manja, sadabwezere, ndipo adati ansembe awo ndiwo adawagwira mtima. Akadabwezera, mzinda ukadasamba magazi, ndipo bodza lija la pa chipilala likadaoneka ngati loona. Challoner, wa zaka 88, adamthawitsira ku Finchley kwa mnzake wamalonda, ndipo adamwalira mu Januwale 1781. Lamulo la Savile silidachotsedwe. M'chaka cha 1791 matchalitchi a Akatolika adaloledwa, mu 1829 Akatolika adaloledwa kulowa m'Nyumba ya Malamulo, ndipo pa bwalo lija la St George's Fields padamangidwa tchalitchi cha Akatolika chimene chidatsegulidwa mu 1848, chimene tsopano ndi katedrale ya Southwark. Papa John Paul II adapemphera ndi odwala m'menemo m'chaka cha 1982. Tisachedwe pa mfundo imeneyi, chifukwa imakoma msanga ngati chipambano, ndipo anthu 285 aja sadaukitsidwe ndi njerwa za katedrale.

Nanga Gordon adathera kuti? Atamasulidwa adapitirira kulimbana ndi akuluakulu. Mpingo wa Anglican udamchotsa m'chaka cha 1786, ndipo posakhalitsa adalowa chipembedzo cha Chiyuda, n'kukhala mmodzi wa kagulu kena kochepa kamene Angerezi ankakanyoza. Adapezeka wolakwa pa mlandu wonyoza mfumukazi ya ku France, Marie Antoinette, ndi oweruza a ku England, ndipo mu 1788 adatsekeredwa mu Newgate, ndende ija imene khamu lidaitentha, itamangidwanso. Amene adamuona m'menemo adasimba za munthu wofatsa, wosunga mapemphero ake, wogawana chakudya ndi ndalama zake ndi akaidi anzake posayang'ana chipembedzo chawo. Adagwidwa ndi malungo oopsa amene ankafala m'ndendemo, ndipo adamwalira pa 1 Novembala 1793, ali ndi zaka 41.